Madzi Amene Tinamwetsa Alendo

Sendererani kuno ana inu, sendererani mumthunzi, dzuwa lingakupserezeni makosi. Iwe Zeka, tsika pa mota, njinga yamoto ya eni akeyo, sinakulakwire kanthu. Rozita, mdzukulu wanga wa ku univeresidade, kafoni kako kaike apa pamtondo kuti kandimve bwino. Akuti mawu anga akalowa m'buku. Ine Marita Nangozo, amene polemba dzina langa thukuta limachita kamukamu, ndalowa m'buku! Ndalowa, ndalowa, ndalowa ine! Lululu!

Kodi mukudziwa zimene mkulu wanuyu akuphunzira ku Tete? Ndinamufunsa, "Mwanawe, udzabaya anthu jakisoni?" Ayi. "Udzamanga milatho?" Ayi. "Nanga chiyani?" Akuti, "Agogo, ndikuphunzira zoti chitukuko ndi ufulu wa munthu aliyense." Zaka zinayi, ana inu! Zaka zinayi m'ng'anjo ya Tete muja, mmene ngakhale mbuzi zimayenda kukamwa kuli yasa, kuti akamuuze kuti munthu ayenera kumwa madzi oyera. Nzeru zakuya zedi. Ine zomwezo ndinaziphunzira masiku atatu ku Furancungo, ndi chakudya cha masana chomwe. Usakwiye Rozita, ndikukunyadira, ndikungoti anakuchedwetsa. Koma ndiyambe kumene ndinayambira.

Ndinabadwira kufupi ndi Ntengo-Wambalame, kumtunda kozizira, kwa tirigu ndi kachewere ndi mapichesi. Madzi tinkatunga pa kasupe wa m'phiri, oyera mbee, ozizira mpaka mano kuwawa. Tinkasenza mitsuko pa nkhata. Inu a zigubu zachikasu nkhata simuidziwa. Chigubu chikagwa mumangoseka n'kutola. Mtsuko ukagwa unkalira kawiri, poyamba kulira madzi, kenako kulira chimene ukapeze kunyumba.

Mayi anga anali ndi lamulo limodzi lokha, koma lolimba gwa: mlendo asaone umphawi wako. Akangooneka munthu wachilendo pamtunda, tsache lili m'manja, pabwalo pakhale see. Mwana wa zipere akakhale kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku imodzi idziwe kuti tsiku lake lakwana. M'nyumba munali kopo imodzi ya galasi, yokulungidwa m'kansalu pansi pa dengu, ndipo ife eni nyumba tinkangoiona ikudutsa. Mlendo akafunsa kuti muli bwanji kuno, yankho linali limodzi, "Tili bwino ndithu," ngakhale dzulo lomwelo mwachokera kumanda. Ndinakula nalo lamulo limenelo, ndipo pokwatiwa mayi anandipatsa kopo ija kuti ndikapitirize ntchito.

Agogo anu aamuna, malemu a Berenado Phiri, anabwera kwathu kudzagula mbewu ya kachewere. Lamulungu analowa m'tchalitchi, anandimva ndikutsogolera nyimbo, mbewu ija anaiwala. Anali katekista, munthu wa jekete limodzi koma losita tsiku ndi tsiku. Atanena zonditenga chitengwa kubwera kuno ku Macanga, ndinafunsa funso limodzi. "A Phiri, kwanuko madzi aliko?" Iwo akuti, "Ambiri." Katekista sanama, ana inu. Analiko ambiri, dzinja, m'dambo, mpaka m'chiuno.

Tinayenda pansi, pena pa ngolo ya ng'ombe, tikudya chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha. Lero mukakwera shapa, timinibasi tija, maola angapo mumatsika mukudandaula msana. Nditafika anandionetsa chitsime. Chitsime! Dzenje la kumapeto kwa dambo. M'mawa nkhumba, masana ng'ombe, ife anthu tinkapatsidwa mpata pakati. Chilimwe chikafika pachimake madzi ake ankakhala ngati thobwa losasefa, ndipo unkawasiya mumtsuko kuti matope agone pansi, n'kumwa zapamwamba utatsinzina. Nkhondo itabwera tinathawa, itatha tinabwerera, tinapeza nyumba zagwa, koma dzenje lathu likutidikira mokhulupirika.

Mwana wanga wachitatu anali Anasitaziya. Inu simunamuone. Anayamba kutsegula m'mimba Lachiwiri, Lachisanu tinamuika. Anali atangoyamba kunena kuti "mama". Pamenepa sindiyimbapo.

Ndiye chaka china sekeretariyo wa mudzi anabwera akuthamanga ndi uthenga. Kukubwera alendo a galimoto, akuyendera midzi kuona kumene madzi avuta kwambiri, kuti akakumbeko mjigo. Mjigo unali umodzi, midzi yambiri. Mukuganiza tinachita chiyani ife anthu anzeru? Tinakonzeka!

Mlungu wathunthu, ana inu. Tinasesa kuyambira pamsewu mpaka kumanda. Tinazira makonde onse. Tinabwereka mabenchi kusukulu, makapulana, zitenje zofanana, ku gulu la amayi a mpingo. Ana a mimba zotupa tinawatumiza kumunda kukaingitsa mbalame, ngakhale kumundako kunalibe choti mbalame idye. Kenako a Berenado anafunsa funso lanzeru kuposa onse, "Nanga alendowa amwa chiyani?" Eya! Amayi asanu ndi mmodzi tinadzuka m'mamawa, ulendo wa kukamtsinje ka kuseri kwa phiri, kupita ndi kubwera theka la tsiku. Tinawiritsa, tinasefa pa nsalu yatsopano, tinavundikira. Madzi aja anayera ngati a ubatizo.

Nyimbo yolandirira ndinapeka ndine. Ndiyimbe? Ndiyimba, manyazi anatha kale.

Alendo athu takulandirani,
kuno kwathu kulibe chosowa,
tadya takhuta, tamwa tasiya,
zikomo, zikomo, oburigado!

Mawu anga tsiku limenelo, ana inu! Anakafika kutsidya kwa dambo. Galimoto itaima munatsika mayi wina wa magalasi ndi kope lalikulu, ndi mnyamata womasulira. Ndinagwada, ndinapereka madzi m'kopo ya mayi anga. Mayi uja anakweza kopo kudzuwa, anamwa, anagwedeza mutu, analemba. Womasulira anafunsa, "Vuto lanu lalikulu kuno n'chiyani?" Amuna anayang'anana. A Berenado anaimirira, anakonza jekete, akuti, "Timavuto ting'onoting'ono sitilephera, koma kubwera kwanu kokhaku kwatikwanira." Tonse m'manja phwaphwaphwa. Mayi uja analembanso. Anapempha kuona chitsime, ife tinati n'kutali, mungadetse nsapato, yambani mwadya. Atadya dzuwa linali litapendeka. Anapita ndi nkhuku ziwiri ndi dengu la nyemba.

Mjigo unakakumbidwa kumudzi wa kutsidya.

Mukudziwa chifukwa chake? Tsiku limene alendo anafika kumeneko, anthu a kutsidya anali pamaliro. Panalibe wosesa, panalibe woyimba. Alendo anapeza ana ali mbuu, nkhalamba ina inawatungira madzi a m'chithaphwi m'chikho chong'aluka. Anthu opanda khalidwe aja anapata mjigo. Ife a ulemu tinatsala ndi ulemu wathu, wokwanira kumwa ndi kusamba.

Zaka zisanu ndi ziwiri tinkapita kukapempha madzi kutsidya, mimba ikavuta m'nyumba. Ulendo wa ola ndi theka, ukafika uime kumapeto kwa mzere, eni ake ayambe. Kunali mayi wina kumeneko dzina lake Filomena, wosunga kiyi wa mjigo, pakamwa pakuthwa ngati chikwakwa. Akangondiona potulukira ankayambitsa yekha, "Kuno kwathu kulibe chosowa!" Anzake n'kuvomera, "Oburigado!" Kenako, "A Nangozo, mwadzatani kuno kwa amphawi? Paja inu munamwa n'kusiya?" Ndinkaseka nawo. Ukanatani, chigubu chili chopanda kanthu?

Tsopano za sukulu yanga. Kunabwera kalata yoti mudzi uliwonse utumize mayi mmodzi ku seminariyo ya masiku atatu ku Furancungo, akaphunzire za ufulu. Amayi anzanga anati apite Nangozo, iye saopa kutsegula pakamwa. Sindikudziwa ngati kunali kundiyamikira.

Ha, chitukuko ndinachiona ndi maso! Mipando ya pulasitiki, aliyense wake. Madzi a m'botolo lotseka, aliyense lake, ukamaliza akupatsanso. Tinkaphunzira za kusowa kwa madzi uku tikutuluka kawirikawiri kukataya madzi. Mphunzitsi wake anali kamnyamata ka nsapato zosongoka zoti ungakumbire nazo mbewa. Ankayankhula Chipwitikizi kaye, kenako n'kutembenuzira m'Chichewa, kenako n'kulemba pa chipepala chachikulu n'kumata kukhoma. Pofika tsiku lachiwiri khoma lonse linali litavala mapepala, ine sindinawerengepo ngakhale limodzi. Anatigawa m'magulu kuti tikambirane ubwino wa madzi. Ife! Amayi a mikwingwirima ya nkhata pamutu, tikambirane ngati madzi ndi abwino. Gulu lathu linagwirizana kuti ndi abwino.

Koma tsiku lachitatu kamnyamata kaja kanaika cholembera pansi n'kunena mawu amene ndinawamva bwinobwino. Akuti, "Amayi, mjigo, msewu, chipatala, si mphatso ya munthu wa galimoto. Si chifundo. Ndi zanu chifukwa ndinu anthu, basi. Ndipo woyamba kunena chimene chikusowa pamudzi ndinu eni ake, osati mlendo."

Ndinakweza dzanja. "Aphunzitsi, ngati zili zathu, nanga timagwadiranji?"

Akuti, "Gwadani ngati mukufuna amayi, ulemu ndi wanu. Koma musaname mutagwada."

Pamenepo ndinawafotokozera za madzi a kuseri kwa phiri, ndi nyimbo yomwe ndinawayimbira. Holo yonse inagwa ndi phwete. Mayi wina wa ku Tsangano anaseka mpaka kutsamwa, kenako anapukuta misozi akuti, "Ifenso tinabisa odwala, chipatala chinapita kwina." Kuseka kunatha pomwepo. Anatipatsa mapepala a umboni woti taphunzira. Langa a Berenado analikhoma pabalaza, pamene panali mng'alu, ndipo linathandiza kwambiri kutchinga mphepo. Iwe Rozita lako lidzakhala lalikulu, lidzatseka zenera lonse.

Patapita miyezi sekeretariyo anabweranso akuthamanga. Alendo ena, mjigo wina, umodzinso. Madzulo omwewo ndinapeza a Berenado akuwerenga matsache.

Ndinati, "A Phiri, ulendo uno sitisesa."

"Mwati bwanji a Nangozo?"

"Sitisesa, sitibwereka, sitibisa mwana. Amwe zimene timamwa."

Anavula magalasi. Akavula magalasi zinali zoopsa. "Mukufuna akatinene ku Furancungo kuti kuno kumakhala nkhumba? Ine katekista, mlendo amwe matope pakhomo panga? Masiku atatu okha mwabwera ndi nzeru zopasula mudzi. Mukanakhala mlungu bwenzi mutatigulitsa."

"Ulendo watha munawapatsa madzi a ubatizo. Mjigo uli kuti?"

"Ulemu sagulitsa ndi mjigo."

"Ndiye mawa mukatunge ulemuwo, ndiphikire."

Amayi anagawikana. Ena anati Nangozo wanena zoona, ena anati seminariyo yamuzunguza mutu. Ena anasesa theka la bwalo n'kusiya, kuti asalakwire mbali iliyonse. Tsiku la alendo, m'bandakucha, a Berenado anatenga njinga mwakachetechete, anapita kutsidya, anapirira pakamwa pa Filomena, anabwera ndi zigubu ziwiri n'kuzibisa kuseri kwa chitseko. Kenako anavala jekete kupita kumsewu kukadikira galimoto.

Ine ndinaziona zigubu zija. Ana inu, ndinasamba nazo. Zonse ziwiri! Kusamba kwake, kusamba kwake, chikwatiwire ndinali ndisanasambe chotero! Ndinatuluka m'bafa ndikuwala ngati mkwatibwi. Kenako ndinatenga ndowa, ulendo wa kudzenje.

Mlendo wa ulendo uno anali mwamuna wachinyamata, katswiri wa za madzi, dzina lake Mateyu, wa ku Angónia, woyankhula Chichewa ngati ife. Anamukhazika pampando pansi pa mtengo wa mango, anthu onse atazungulira, ana a mimba zotupa ali kutsogolo chifukwa ndinawaika ndine. A Berenado anakweza mawu monyadira, "A Nangozo, madzi a alendo!"

Ndinatuluka ndi kopo ya mayi anga pambale, ndinayenda pang'onopang'ono, ndinagwada bwinobwino monga ndinaphunzitsidwira. Madzi ali bii. Kanthu kena kakang'ono kakusambira mkatimo, kosadziwa kuti kali pamsonkhano. Nkhope ya a Berenado sindingathe kuifotokoza, jekete lokha ndi limene linatsala chiimire. Ndiye ndinayimba, motsitsa.

Imwani alendo, imwani,
ndi omwewa timamwa ife,
nkhumba yamwa, ng'ombe yamwa,
mwatsala ndinu, imwani.

Tsono mvetsani ana inu. Ine ndinkafuna aone. Aone basi, anyansidwe, aike pansi, alembe m'kope. Ndinaiwala chinthu chimodzi, kuti uyu sanali mlendo wa kutali. Anali mwana wa konkuno, woleredwa ndi mayi wonga mayi anga, ndipo kwathu kuno madzi amene wakupatsa mayi wamkulu atagwada subweza. Anati, "Zikomo amayi." Analandira ndi manja awiri. Anayang'ana m'kopo, anayang'ana ana aja, anatsinzina.

Anamwa. Onse. Mpaka matope a pansi.

Iye anapukuta pakamwa, mchenga ukulira m'mano, akuti, "Tiyeni mukandionetse kumene mwatunga." Tinapita mudzi wonse pambuyo pake. Tinapeza nkhumba ya sekeretariyo itagona m'dzenjemo, ndipo sinaone chifukwa chodzukira. Mateyu anajambula, anayeza, analemba masamba ambiri. Nkhuku anakana, anati wakhuta.

Patatha masiku anayi woyendetsa mota wina anabwera ndi nkhani. Mlendo wanu uja ali m'chipatala ku Furancungo, amuika madzi a m'mitsempha, akutsegula osaleka.

Mudzi unanditembenukira ngati mphepo ya mvula. "Woyamba munamuthamangitsa ndi nyimbo, wachiwiri mwamupha ndi kopo!" Ena ankati apolisi abwera. Ena ankati dzina la mudzi wathu alifufuta m'mabuku onse a boma mpaka kalekale. Lamulungu a Berenado analalikira za kulandira alendo kwa ola lathunthu, osandiyang'ana ngakhale kamodzi, mpingo wonse ukundiyang'anira iwo. Ine sindinkaopa apolisi. Ndinkadziwa mmene matenda aja amathera, ndinali nditawaonapo m'manja mwangamu, ndipo mwana wa mwini ndinamumwetsa ndine.

Lolemba ndinagwira nkhuku, ndinamanga mazira m'kansalu, ndinakwera shapa. Ndinamupeza atagona, masaya atalowa, maso ali m'kati. Pambali pa bedi panali mayi wina wamkulu ngati ine, atamanga kapulana molimba.

Akuti, "Ndinu amene munamumwetsa?"

Ndinati, "Ndine, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wanga ndinamuphunzitsa ulemu. Uchitsiru anauonjezera yekha." Kenako anasendera pabenchi. "Khalani. Nkhukuyo ndi yathu?"

Mateyu anatsegula maso n'kuyesa kuseka. "Amayi a nyimbo! Musadandaule, lipoti ndalemba kale. Masamba ena ndalembera kuchimbudzi, ndiwo amveka bwino kuposa onse."

Ndinati, "Mwananga, unamweranji? Ine ndinkafuna ungoona."

Akuti, "Ana aja ankandiyang'ana, amayi. Ndikanakankha kopo ija, ndikanawauza chiyani, poti iwo madzulo ake amwa omwewo?"

Ndinalira pamenepo, mayi ake n'kumandisisita pamsana uku akundinena kuti ndine mfiti ya mtundu watsopano. Anachira, Mulungu ngwabwino, anachira, anachira mwana wa eni!

Musaganize kuti mjigo unabwera mawa lake. Ufulu uja umaphunzira, Rozita, ndi wako ndithu, koma umabwera wapansi, n'kumapuma m'njira. Mvula inagwa n'kusiya, inagwanso n'kusiya. Filomena anapeka ndime yachiwiri ya nyimbo yake. A Berenado ankati akafuna kundipweteka ankangofunsa mofatsa, "A Nangozo, ufulu wanu uja wafika pati?"

Ndiye tsiku lina chilimwe tinamva chigalimoto chikubangula kumsewu, chachitali, chonyamula mipope. Kutsogolo kwake kunali Mateyu, atanenepa. Anaboola masiku atatu kumtunda kwa sukulu, mudzi wonse utasiya ntchito, fumbi lili kobo. Tsiku lachitatu nthaka inachita ngati yatsokomola, kenako madzi psuu, m'mwamba kupitirira mtengo wa mango! Nthungululu zake, ana inu, agalu anathawa m'mudzi.

Atamanga mjigo n'kuupopa mpaka madzi kuyera, anthu anati oyamba alawe ndi mlendo. Ndinatunga m'chikho chatsopano, ndinapita pamene anaima Mateyu, ndinagwada. Iye anabweza manja kumbuyo msangamsanga.

"Ayi amayi, pepani. Ine kwanu kuno ndinamwa kale. Lero muyambe ndinu."

Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine ndinayang'ana m'chikho muja, ndinaona pansi pake, ndinaona ndi nkhope yanga yomwe. Ndinadzuka. Ndinasasa fumbi m'mawondo, ndipo ndinamwa chiimirire pamaso pa amuna onse, sekeretariyo ndi katekista yemwe, madzi akutsikira m'khosi mpaka kunyowetsa bulauzi. A Berenado anayang'ana kumbali, anakonza jekete, anatsokomola. Kenako ndinangoona dzanja lawo latambasuka.

"A Nangozo, musamalize."